Kalendala Imene Inaima pa 9 Malichi

Makolo ankati mlandu suola. Ananena zimenezo asanafike ku Ufumu wa Tidzaona, kumene mlandu umakhala masiku makumi atatu okha, tsiku lotsatira n'kuyamba kununkha.

Lamulo lake linabadwa chonchi. Chaka china kunabwera alendo akunja atanyamula zikwama ndi mafunso, n'kufunsa Mfumu Mlekeni Wachitatu ngati m'maofesi a boma lake munali tsankho. Mfumu inadabwa kwambiri. Inafunsa nduna zake khumi ndi ziwiri, zonse zazimuna, zonse za kumtunda kumene mfumuyo inabadwira, ndipo zinayankha ndi pakamwa pamodzi kuti chiyambire sizinasalidwepo. Komabe, kuti alendo asabwerere chimanjamanja, mfumu inasonkhanitsa anthu pabwalo la Mawamawa, likulu la ufumuwo, n'kulankhula kuyambira m'mawa mpaka oimba kwaya atatu atakomoka ndi dzuwa. Inalengeza kuti tsankho latha. Inawonjezera kuti wantchito wa boma amene angaone ngati wasalidwa, kaya chifukwa ndi mkazi, kaya chifukwa cha kumene anachokera, akadandaule ku Ofesi ya Madandaulo pasanathe masiku makumi atatu. Masikuwo aziwerengedwa kuyambira pamene anamulakwira, osati pamene iye wadziwa. Dandaulo lilembedwe pa fomu ya boma, ndipo lisalemere kupitirira magalamu makumi awiri, popeza madandaulo olemera amatopetsa boma.

Anthu anaomba m'manja, poti apolisi ankayang'ana. Pa zaka zisanu ndi chimodzi zotsatira ofesiyo sinalandire dandaulo ndi limodzi lomwe, ndipo chaka chilichonse pa 28 Epulo ufumu wonse unkapuma kukondwerera Tsiku la Kutha kwa Tsankho.

Ndaziona Chikhasu ankalidziwa lamuloli monga momwe munthu amadziwira njira ya kumanda, osaganiza kuti adzaiyenda posachedwa. Iye anali woyesa masikelo. Zaka khumi ndi chimodzi anazungulira misika ya Tidzaona atanyamula bokosi la thabwa la miyala ya boma, miyala ya mkuwa: wa kilo imodzi, wa makilo awiri, wa makilo asanu, ndi timiyala ta magalamu tokulungidwa m'kansalu. Sikelo ikanena zoona ankaimata chidindo cha mtovu, ikanama ankailanda. Ogulitsa nyama ankamuyang'ana cham'mbali, ogula ankamupatsa moni wa manja awiri. Mkulu wa oyesa masikelo atamwalira mu Januwale chaka chatha, Ndaziona ndi amene anauzidwa kuti agwirizire mpando, ndipo anaugwirizira miyezi khumi ndi isanu. Mayeso a mpandowo atabwera, anakhoza nambala wani.

Lolemba pa 21 Epulo analowa mu ofesi n'kupeza pampando pake patakhala a Lifa, nsapato atavula. A Lifa anali dalaivala wa dipatimenti, komanso mlamu wa Bwana Gwedeza, mkulu wa dipatimentiyo. Mayeso sanalembe nawo, chifukwa tsikulo ndi iwo amene ankayendetsa olembetsa mayesowo. Anamuonetsa kalata yowapatsa mpando. Inali ya pa 2 Epulo. Inali itagona m'dirowa masiku khumi ndi asanu ndi anayi, kudikira kuti telala amalize suti ya a Lifa.

Bwana Gwedeza sanabise kanthu. Ku Tidzaona bwana sabisa chimene sadzafunsidwa.

"Mayi Chikhasu, musazitengere pamtima," anatero akusenda nthochi. "Miyala ija ndi yolemera. Mpando uja umafuna mwamuna."

"Miyalayo wakhala akunyamula ndine, bwana. Wa pampando sanyamula kanthu."

"Ndiye mwaonatu, munaizolowera. Tikakukhazikani pansi ainyamula ndani?" Anaseka okha, n'kumeza. "Komanso inu a kutsidya kwa mtsinje simuchedwa kupsa mtima. Pamafunika wa kumtunda, wodekha."

Mawu omwewo anali atawalemba ndi cholembera chofiira m'mphepete mwa pepala la zotsatira za mayeso. Anamupatsa kope kuti akawerenge bwino kunyumba.

Ndaziona anawerenga pa zala ali pakhonde. Kuchokera pa 2 Epulo, masiku makumi atatu ankathera pa 2 Meyi. Anali atatsala khumi ndi limodzi, ndipo kwa munthu amene anayendapo wapansi kuchokera ku Mawamawa mpaka ku msika wa kumalire atasenza makilo asanu ndi atatu, amenewo anaoneka ngati ambiri.

Ofesi ya Madandaulo inali nyumba yokongola yopanda khomo la anthu wamba. Inali ndi zenera limodzi, ndipo kuseri kwake kunkakhala mayi wa zikhadabo zazitali zofiira, pambali pake atapachika kalendala ya kampani ina yokhoma mabokosi a maliro. Lachiwiri mayiyo anati mafomu atha, abwere Lachinayi. Lachinayi mafomu analipo, koma kiyi wa kabati anali m'thumba la a Matewere, mkulu wa ofesiyo, amene anali ku msonkhano wophunzira kuthandiza anthu mwachangu. Lachisanu mfumu inkabwera kuchokera kunja, choncho antchito onse a boma anakandanda m'mbali mwa msewu kugwedeza timbendera. Loweruka ndi Lamulungu boma limapuma. Lolemba linali Tsiku la Kutha kwa Tsankho, ndipo Ndaziona anaguba nawo, atamugwiritsa mbali imodzi ya chinsalu cholembedwa kuti TONSE NDIFE AMODZI.

Lachiwiri pa 29 anaipeza fomu. Mzere womaliza unkafuna chidindo cha mkulu wa dipatimenti, chotsimikiza kuti wodandaulayo ndi wantchito wa boma weniweni. Bwana Gwedeza anailandira ndi manja awiri. Anati ndi okondwa kuona antchito akudziwa ufulu wawo, kungoti inki ya chidindo yauma. Lachitatu inali isanagulidwe. Lachinayi linali tsiku la apantchito. Lachisanu pa 2 Meyi bwana anapita ku maliro kumtunda, a munthu amene dzina lake sanalikumbuke atabwerako. Lolemba pa 5 Meyi anadinda bwinobwino, n'kuuzira kuti inki iume, n'kumufunira mafuno abwino.

Mayi wa pazenera anayendetsa chikhadabo pa kalendala ya mabokosi.

"Mwachedwa ndi masiku atatu, asisi."

"Koma masiku ambiriwa ofesi yanu inali yotseka."

"Imatseka ndi ofesi. Masiku satseka."

Anatseka zenera, popeza inali nthawi ya tiyi.

Madzulo ake Ndaziona anadzera ku Msika wa Pakadali, osati kukayesa kanthu, koma chifukwa miyendo inazolowera. Anakhala pa thumba la nyemba la a Nagama, mayi amene sikelo yake sinanamepo koma pakamwa pake pankaluma. Nkhani inali itafika kale. Wogulitsa nyama wa pafupi anati akumva chisoni, ngakhale nkhope yake inkaoneka ngati ya munthu amene ng'ombe yake yabereka mapasa. Wina anati boma likutukuka, kale ankakukana osakupatsa ndi fomu yomwe.

"Inu bola anakuwerengerani masiku," anatero a Nagama akupeta nyemba. "Mng'ono wanga, mphunzitsi uja, anapita patangotha masiku anayi chimulakwireni. Anamuuza kuti dandaulo lake lalemera magalamu makumi awiri ndi atatu. Fomu yokha ndi envulopu. Ndinamufunsa kuti kodi unalemba ndi misomali?"

"Anayesera pati?"

"Amalowa nalo m'kati, n'kutuluka ndi nambala. Mesa ndinu a masikelo? Yanga mumaigogoda chaka ndi chaka ngati munaikwiyira. Imeneyo munaionapo?"

Pa zaka khumi ndi chimodzi Ndaziona anali asanamvepo kuti m'nyumba imeneyo muli sikelo yoti iyesedwe. Lamulo la masikelo, lokhalo limene ankalidziwa pamtima, limati sikelo iliyonse yoyesera zinthu za anthu iyesedwe chaka ndi chaka, ndipo woyesayo alowe chipinda chilichonse popanda kuodira. Mpando anauona kuti wapita. Koma sikelo yonama inali ikadali yake.

M'mawa mwake a Lifa anasaina chilolezo chokayesa sikelo ya ku Ofesi ya Madandaulo osawerenga. Anangomufunsa mwakachetechete kuti mwa miyala ija wa kilo ndi uti, pakuti akhoza kudzafunsidwa ku msonkhano.

Mayi wa pazenera anayesa kunena kuti abwere Lachinayi, koma chilolezo chinali ndi chidindo, ndipo ku Tidzaona chidindo sachitsutsa. Anamulowetsa pa khomo la kuseri.

Chipinda cha m'kati chinali chozizira, chonunkha mapepala osagwiritsidwa ntchito. A Matewere, bambo wa imvi ndi tayi yopyapyala, ankasinza pampando. Sikelo inali pa tebulo. Ndaziona anaika kamwala ka magalamu khumi, sikelo n'kunena kuti khumi ndi asanu. Anatembenuza mbale yake n'kupeza nati yachitsulo itamatidwa ndi chingamu. Sanadabwe. Ya wogulitsa nyama uja anaipezapo ndi ziwiri.

Akudzutsa mutu kuti alembe, ndi pamene anaiona.

Kalendala ya Mfumu aliyense wa boma anaimvapo, koma oiona anali ochepa. Inali yong'amba tsamba limodzi patsiku, yokhuthala ngati njerwa zingapo, ndipo tsamba lililonse linali ndi nkhope ya Mfumu Mlekeni. Kale ankang'amba ndi mesenjala, mpaka tsiku limene anang'amba mokhota n'kudula mfumu pamphuno. Mesenjalayo anamutumiza kukalondera mlatho wa kumalire, ndipo kuyambira pamenepo tsamba ankang'amba ndi mkulu wa Ofesi ya Madandaulo yekha, ali chiimire, atavala magolovesi oyera, n'kuligoneka m'bokosi nkhope itayang'ana kumwamba. Gawo lachisanu ndi chiwiri la lamulo lija linkati masiku onse a ntchito za boma aziwerengedwa pa kalendala imeneyi, osati ina.

Tsamba la pamwamba linkati 9 Malichi, chaka chatha. Magolovesi anali lende pa msomali, kangaude atamangapo nyumba ya zipinda zingapo.

Ndaziona anasuzumira pansi pa tsambalo osaling'amba. Pa 10 Malichi panalibe kanthu. Pa 11 Malichi, pansi pa chibwano cha mfumu, panali chidindo cha ofesi ya antchito: Tsiku loti a B. Matewere apume pa ntchito chifukwa cha ukalamba.

Pa ntchito yake anaphunzira chinthu chimodzi chimene anthu a pamsika sankachikonda: kilo si imene dzanja likumva, kilo ndi imene mwala wa boma wanena. Ndiye tsiku lingasiyane bwanji? Anatsegula chikwama n'kutulutsa fomu yake.

"Bambo Matewere, pepani ndakudzutsani. Kodi lero ndi tsiku lanji?"

"Funsani pazenera, mwana wanga."

"Pazenera pali ya mabokosi. Ine ndikufunsa ya Mfumu."

A Matewere anatsegula maso onse awiri. Anayang'ana khoma, anayang'ana fomu, n'kuyamba kufotokoza kuti ntchito yong'amba-ng'amba imafuna mtima wokhazikika, kuti misonkhano yachuluka, kuti magolovesi akufunika kuchapa. Ndaziona anawadikira mpaka mawu atawathera.

"Pali njira ziwiri, bambo," anatero mofatsa. "Muvale magolovesiwo, mung'ambe masamba onse mpaka lero ine ndikuona, ndivomera kuti ndachedwa ndizipita. Apo ayi, mundidindire."

"Mwana wanga, nyumba imene ndikukhala ndi ya boma."

"Ndikudziwa, bambo. Mpando umene ndinkakhala nawonso ndi wa boma."

A Matewere anatenga chidindo cha masiku, chimene manambala ake anali atachita dzimbiri pa 9 Malichi pomwepo, n'kudinda. Linali dandaulo loyamba kulandiridwa mu Ufumu wa Tidzaona. Popeza kalipentala sanauzidwepo kuti apange dirowa ya madandaulo olandiridwa, a Matewere anasowa poliika, n'kulitumiza ku Bwalo la Nduna.

Bwalo linakhala masiku atatu, ndi Ndaziona ali pa benchi ya kumbuyo, bokosi lake lili pamiyendo. Tsiku loyamba linatha ndi kuyamika mfumu. Tsiku lachiwiri nduna ina yatsopano inaimirira n'kunena kuti nkhaniyi ndi yosavuta: a Matewere avale magolovesi, ang'ambe masamba onse, mayiyu apezeke kuti wachedwa, aliyense azipita kukadya. Anzake anayamba kuomba m'manja. Kenaka Nduna Yaikulu, Wolemekezeka Chipwete, anatsokomola n'kukumbutsa bwalo kuti nthawi ya nduna zonse khumi ndi ziwiri inkayenera kutha pa 30 Juni chaka chatha, pa kalendala yomweyo. Manja anaima m'malere. Anatsokomolanso, n'kukumbutsa motsitsa mawu kuti Mfumu Mlekeni inalonjeza pamaso pa alendo aja kuti idzatula pansi ufumu ikadzakwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu, mu Seputembala wa chaka chathacho. Onse anayang'ana mfumu. Mfumu inayang'ana denga. Nduna yatsopano ija inabweza mawu ake, n'kupepesa kuti inalankhula ndi malungo.

Tsiku lachitatu Wolemekezeka Chipwete anabwera ndi nkhope yowala. Anati anagona osagona poganizira mayi wosaukayu, ndipo apeza chilungamo. Mayiyu sanachedwe ayi. Wafulumira. Akudandaula za pa 2 Epulo chaka chamawa, zinthu zoti sizinachitike. Boma silingaweruze maloto. Adikire tsikulo lifike pa Kalendala ya Mfumu, ndipo likadzafika adzakhala ndi masiku ake makumi atatu athunthu, palibe adzamubere ndi limodzi lomwe. Mfumu inakondwa kwambiri. Inati uwu ndi umboni woti ku Tidzaona tsankho silinangotha, koma silinayambe n'komwe.

Ndaziona anaimirira, n'kupinda mawondo pang'ono monga mwa ulemu.

"Zikomo, Wolemekezeka. Kungoti ife a kutsidya mitu yathu siigwira. Mundilembere kuti lero ndi pa 9 Malichi chaka chatha."

"Musati chaka chatha, mayi. Chaka chino."

"Pepani, chaka chino. Mulembenso kuti zonse za m'tsogolo mwa tsikuli sizinachitike, ndingadzasokonezenso boma."

Nduna zinaseka mokoma mtima, monga amasekera anthu akuluakulu akaona wamng'ono wadziwa malo ake. Zinasaina zonse khumi ndi ziwiri, mfumu n'kudinda pansi pake.

Ku Pakadali chigamulocho chinalandiridwa ndi ulemu woyenera. A Nagama anati ndi nkhani yabwino, abwezeredwa chaka ndi miyezi iwiri, ayambanso kudzola. Wogulitsa nyama analengeza kuti mbuzi imene ili pa mbedzayo ikadali moyo, choncho wina asamuuze kuti nyama yagona. Mayi wina wobereka khanda la miyezi isanu ndi umodzi anafunsa kuti mwana wosabadwayu akamusiye ku ofesi iti, poti akudya kwambiri. Za Ndaziona onse anagwirizana kuti waluza mwaulemu, ndipo anamupatsa nyemba za ulere.

M'mawa mwake a Lifa anafika ku ofesi cha m'ma naini n'kupeza pampando patakhala Ndaziona, nsapato atavala, akulemba ndondomeko ya misika. Anathamanga kukaitana alamu awo. Bwana Gwedeza analowa akupuma ngati mvukuto, ndipo Ndaziona anawapatsa pepala lija ndi manja awiri. Analiwerenga kawiri, milomo ikuyenda.

"Pa 9 Malichi wogwirizira mpando uno ndine, bwana," anatero Ndaziona. "Kalata ya a Lifa simunalembe. Mudzalemba chaka chamawa."

Bwana Gwedeza anaimbira a Matewere pomwepo, kuwalamula kuti ang'ambe masambawo lero lomwe. A Matewere anayankha kuti magolovesi anawatumiza kochapa ndipo wochapayo anasamuka. Anaimbira Wolemekezeka Chipwete, amene anawafunsa ngati akufuna kukafotokozera okha mfumu za Seputembala. Bwana anaika foni pansi pang'onopang'ono, ngati dzira.

Ndaziona sanadzinamize kuti wapambana. Anali wogwirizira chabe, ndipo adzakhala wogwirizira mpaka tsiku losathali lidzathe. Mawu ofiira aja anali akadali pa pepala, wowalembayo akadali bwana. Fomu ya mng'ono wa a Nagama inali ikadali kunyumba, ndipo lipoti la chaka chimenecho linadzanenanso kuti ku Tidzaona palibe wadandaula. Koma nati ija inali m'dirowa mwake, ndipo mpando unali pansi pake.

"Uku ndi kundisala," anatero a Lifa. "Chifukwa ndine wa kumtunda."

"Mwina n'zoona, achimwene. Kuli ofesi yake. Mukafike pazenera, mafomu amabwera Lachinayi. Muli ndi masiku makumi atatu, koma musathamange, lero silikutha msanga."

Anatsegula dirowa, n'kutulutsa makiyi a galimoto ya dipatimenti, n'kuwaika pa tebulo.

"Pa 9 Malichi dalaivala ndinu. Tikupita ku Pakadali, kuli masikelo makumi anayi akutidikira. Bokosi la miyala ndi ilo pakonapo." Anatenga chikwama chake n'kuima pakhomo. "Munyamule bwino. Ndi lolemera, limafuna mwamuna."